Zigubu Zisanu

Chigubu sagula ndi maso.
Tsegula chivindikiro, lowetsa mphuno.
Ichi chinali cha mafuta ophikira, phulusa lichitsuka.
Icho chikununkhabe dizilo
ngakhale Che Ajasi akulumbira pali amayi awo
kuti moyo wake wonse chanyamula thobwa.
Ndachibweza.
Ndinamwapo tiyi wa dizilo chaka china kuseri kwa Mpherembe,
lilime silinaiwale.

Malangalanga masana ano ndi fumbi ndi mahutala,
akabaza akundipala m'nthiti,
ine ndikuwerenga pa zala ngati mwana wa sitandade thu:
anthu atatu, masiku asanu,
malita asanu pa mutu dzuwa likatuluka.
Zigubu zinayi.
Chachisanu n'cha galimoto,
nayo imamva ludzu ikaona chitunda cha ku Nthalire,
ndipo ikakwiya siyankhula, imangofuka.

Yotamu, mnyamata wa makina opimira nthaka,
akuti tigule chitofu cha gasi.
Chopepuka, akuti, chosadetsa m'manja.
Ndamufunsa: gasiyo akatha pakati pa tchire
ukamugula kwa anyani?
Tatsika ku Mchesi
kumene nyundo zimakangana ndi malata tsiku lonse.
Bambo Gwaza atipatsa mbaula yaifupi miyendo,
ati yayitali imagwa ngati woledzera
mphepo ya kumapiri ikangoikhudza.
Ndaikankha ndi phazi. Yakana kugwa. Ndalipira.

Mapoto awiri, wina agone m'mimba mwa mnzake,
pakati ndiyikapo chitenje chakutha
kuti asamandiimbire nyimbo msewu wonse.
Makapu achitsulo, ophwanyika atsale ndi alendo.
Mpeni wopanda ulemu. Chipande chimodzi.
Machesi m'kabotolo ka mafuta odzola.
Mchere, chifukwa munthu amakhululuka zambiri
koma osati ndiwo zozizira pambuyo pa makilomita mazana anayi.
Kabotolo ka kolorini m'thumba la malaya, pamtima,
kuti mtsinje wachilendo usatilandire ndi m'mimba.
Ndi mphira wa chubu, wambiri,
pakuti chosamangidwa chimatsika chokha osatsanzika.

Tikupita kukasaka madzi pansi pa nthaka ya eni,
kukaloza pokumba mijigo.
Yotamu amaseka: osaka madzi asenza madzi.

Madzulo kwathu ku Chinsapo
mpopi ukutsokomola mpweya, lero n'lachitatu.
Nanzunga sananene kanthu.
Watenga zigubu zanga ziwiriziwiri
kupita nazo pa kiyosiki ya kwa Mai Chagunda
kumene mzere wa ndowa wakhota ngati mchira wa buluzi,
wabwera nacho chomaliza tambala atalira kale,
khosi litalowa m'mapewa.

M'bandakucha ndikukoka mphira, ndikumanga.
Lonjezo watuluka ndi yunifomu m'manja,
yadzulo, yosachapa,
waima pafupi ndi tayala, akuyang'ana zigubu
zikutuluka thukuta lozizira.
Bambo, kumene mukupitako kulibe madzi?
Aliko, mwanangu, koma sindiwadziwa.
Nanga akunowa mumawadziwa?

Mfundo yomwe ndinamanga bwino
ndiyo yandivuta kumasula.
Ndatsitsa chimodzi, chabuluu, chosanunkha kanthu,
ndachiika pakhonde.

Tsopano masamu anga athyoka mwendo.
Malita anayi pa mutu, kusamba kuyiwalike,
mbale tidzazipukuta ndi mchenga,
Yotamu adzadandaula kuyambira pa Lumbadzi.
Ndaliza injini.
Pagalasi ndikuona Nanzunga akupendeketsa chigubu
pang'onopang'ono, ngati akuthira mankhwala m'diso,
Lonjezo atatchera beseni.

Pa mlatho wa Lingadzi ndabwerera m'maganizo:
mbaula ilipo, machesi alipo, mpeni ulipo.
Kumbuyoku zigubu zinayi zikuyankhulana,
khuvu, khuvu, pa bampu iliyonse,
ndipo pamene panali chachisanu
poto wapeza malo, wayamba kuimba.
Sefa ya tiyi ndaiwala.
Tidzasefa ndi mano.